Mafunso ndi mayankho: mmene Jimi Hendrix anajambulira chimbale cha Are You Experienced

Pa 12 Meyi 1967 m'masitolo a ku Britain munafika chimbale cha nyimbo 11 cha mnyamata wa ku Seattle amene chaka chimodzi m'mbuyomo ankaimbira timakobidi m'timabala ta ku New York. Chimbalecho ndi Are You Experienced, choyamba cha gulu la The Jimi Hendrix Experience. Ambiri akachimva amaganiza kuti chinatuluka m'mutu wa munthu woledzera amene anali ndi nthawi ndi ndalama zosewera nazo. Si mmene zinalili. Chinajambulidwa mothamanga, pa ndalama zochepa, ndi anthu amene maso awo sankachoka pa wotchi.

Kodi nyimbo za psychedelic rock ndi zotani?

Ndi rock imene inaphulika ku San Francisco ndi ku London cha m'ma 1966 ndi 1967, pamene oimba anayamba kufuna kuti womvera amve ngati dziko likupendekeka. Nyimbo zinatalika, gitala anayamba kulira mosasa ndi mokokeka, mawu ena ankayenda chobwerera, ndipo mitu ya nyimbo inachoka pa chibwenzi chokha n'kulowa m'maloto, m'mlengalenga ndi m'maganizo osokonezeka. M'chaka chomwecho cha 1967 The Beatles anatulutsa Sgt. Pepper, Pink Floyd chimbale chawo choyamba, Jefferson Airplane ndi The Doors nawonso zawo. Chosiyanitsa cha Hendrix n'chakuti pansi pa zachilendo zonsezo pali blues ndi soul ya anthu akuda a ku America, imene iye anaiimba zaka zambiri kuti apeze chakudya.

Asanafike ku London, Hendrix anali ndani?

Anabadwa pa 27 Novembala 1942. Mu 1961 analowa usilikali, m'gulu la odumpha m'ndege la 101st Airborne ku Fort Campbell, ndipo chaka chotsatira anatuluka. Kuchokera apo anakhala waganyu wa gitala, kuzungulira maholo ndi mabala a anthu akuda kum'mwera kwa America, m'masiku amene tsankho linkalamula kuti azungu asangalale kwawo, akuda kwawo. Anaimbira The Isley Brothers, Little Richard, Curtis Knight, King Curtis ndi ena. Ntchito yake inali kuima kumbuyo, kuvala zimene bwana wanena, kugwira nthawi bwino ndi kusaba ulemu wa mwini bandi. Chomalizachi chinkamuvuta, ndipo ntchito sizinkakhalitsa.

Zaka zimenezi ndi zimene ine ndimaziona ngati maziko a chimbale chonse. Munthu amene waimba usiku ndi usiku pamaso pa anthu osanyengerera saopa situdiyo. Manja ake ankadziwa kale koyenda. Mu 1966 anasamukira ku Greenwich Village, dera la mu New York, nayambitsa kagulu kake ka Jimmy James and the Blue Flames, ndipo kumeneko ndi kumene nyimbo za Bob Dylan zinamulimbitsa mtima kuti munthu wopanda mawu okoma akhoza kuimba ndithu.

Nanga zinatheka bwanji kuti Mmereka akatchukire ku Britain?

Linda Keith, mtsikana wa ku Britain amene panthawiyo anali bwenzi la Keith Richards wa The Rolling Stones, anamuona akuimba ku New York nayamba kumuitanira akuluakulu a nyimbo. Ena anabwera, anamvera, anapita osatembenuka. Kenako anabweretsa Chas Chandler, woimba besi wa The Animals, amene anali atatopa ndi maulendo ndipo ankafuna kukhala wojambulitsa ena. Chandler anali ndi nyimbo m'mutu, "Hey Joe", m'kaimbidwe kodekha ka Tim Rose, ndipo ankasaka woti aiimbe. Atalowa m'kalabu ya Cafe Wha? anapeza Hendrix akuimba nyimbo yomweyo.

Pa 24 Sepitembala 1966 Hendrix anatera ku London. Patangopita sabata, pa 1 Okutobala, anakwera pa nsanja ya gulu la Cream ku Regent Street Polytechnic, naimba "Killing Floor" mwaliwiro limene linamusiya Eric Clapton, woimba gitala wa gululo, kukamwa kuli yasa. Anyamata a ku Britain anali ataphunzira blues pomvera zimbale zochokera kutsidya la nyanja. Tsopano mwini wake anali atawafikira pakhomo, ndipo mbiri inayenda msanga.

Anzake awiri anawapeza kuti?

Noel Redding anali woimba gitala, osati besi. Anabwera kudzayesa mwayi m'gulu latsopano la Eric Burdon wa The Animals, napeza malo atatha, ndipo Chandler anamufunsa ngati angagwire besi. Mitch Mitchell, woimba ng'oma, anali atangochoka m'gulu la Georgie Fame. Chandler ankasimba kuti atalephera kusankha pakati pa Mitchell ndi Aynsley Dunbar anachita kuponya khobidi. Pakati pa Okutobala anali kale ku France, kutsegulira woimba wa kumeneko Johnny Hallyday, asanazolowerane n'komwe.

Chinajambulidwa kuti, ndipo zinatenga nthawi yaitali bwanji?

Kuyambira pa 23 Okutobala 1966, tsiku limene anajambula "Hey Joe", mpaka pa 4 Epulo 1967. Koma musaganize kuti anakhala m'situdiyo miyezi isanu. Analowamo maulendo 16 okha, maola ochepa ochepa, pakati pa madansi ndi maulendo a ku France, Germany ndi madera a Britain. Kawirikawiri ankalowa usiku atachoka pa nsanja.

Masitudiyo akuluakulu anali atatu, onse a mu London. Anayambira ku De Lane Lea. Mu Disembala anapita ku CBS, kumene pa tsiku limodzi, pa 13, anayala maziko a nyimbo zingapo, kuphatikizapo "Foxy Lady" ndi "Red House". Kumeneko sanakhalitse chifukwa Chandler anasemphana ndi eni ake pa za malipiro. Kuyambira mu Febuluwale 1967 anakhazikika ku Olympic, ku Barnes, situdiyo imene a Rolling Stones ankaikonda, ndipo kumeneko anakumana ndi Eddie Kramer, injiniya wachinyamata wobadwira ku Cape Town. Kramer ndi Hendrix anamvana msanga, moti anagwira ntchito limodzi mpaka pamene Hendrix anamwalira mu 1970.

Ndalama zinachokera kuti?

Poyamba m'thumba mwa Chandler, amene anagulitsa magitala ake a besi kuti zinthu ziyende. Kampani ya Decca itamva "Hey Joe" inakana. Polydor ndiyo inaitulutsa pa 16 Disembala 1966, nifika pa nambala 6 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, ndipo pambuyo pake kampani yomweyo inavomera kuimirira ngongole ya ku Olympic. Chimbale chenichenicho chinatuluka pa Track Records, kampani yatsopano ya Kit Lambert ndi Chris Stamp, mamanejala a The Who.

Kusowa kwa ndalamaku kunaumba chimbale. Chandler anachokera ku sukulu imene imati ola la situdiyo si lophunzirira nyimbo: The Animals anajambula "The House of the Rising Sun" ulendo umodzi wokha. Choncho iye ndi Hendrix, amene ankakhala nyumba imodzi, poyamba ku Montagu Square m'nyumba ya Ringo Starr, ankakonzera nyimbo kunyumba, kudula mavesi otalika, kugwirizana poyambira ndi pothera. Redding ndi Mitchell nthawi zambiri ankaimva nyimbo koyamba ali kale m'situdiyo, kuiyeseza kangapo, tepi n'kuyamba kuzungulira. "The Wind Cries Mary" inajambulidwa m'mphindi pafupifupi 20 zimene zinatsala kumapeto kwa tsiku ku De Lane Lea. Pambuyo pake anayesa kuibwereza, koma yoyamba ija ndi imene inatuluka.

Yerekezani ndi The Beatles, amene m'miyezi yomweyo, mumzinda womwewo, anathera maola pafupifupi 700 pa Sgt. Pepper. Ena amadandaula kuti Chandler anamupanikiza Hendrix. Ine ndimamuyamikira. Nyimbo zambiri pano zimatha m'mphindi zitatu kapena zinayi, zilibe mafuta osafunikira, ndipo ndi chifukwa chake zinalowa pa wailesi. Koma kupanikizako kunali ndi malire ake: mu 1968, pojambula Electric Ladyland ku New York, Hendrix atayamba kubwereza nyimbo imodzi kambirimbiri situdiyo itadzaza anzake, Chandler anatola chikwama chake.

Amati anali ndi matiraki anayi okha. Zimenezo zikutanthauza chiyani?

Makina ojambulira a nthawi imeneyo ku London ankasunga mawu m'mizere inayi pa tepi. Lero ngakhale kompyuta ya mwana wasukulu imapereka mizere yosawerengeka, chida chilichonse ndi wakewake. Kramer ankayamba ndi ng'oma pa mizere iwiri, besi pa umodzi, gitala pa wotsalawo. Tepi yadzaza. Kuti papezeke malo a mawu ndi gitala wachiwiri, ankasakaniza zinayizo n'kuzitsanulira pa mizere iwiri ya makina ena, n'kutsala ndi iwiri yopanda kanthu. Pakafunika zina, ankatsanulanso.

Vuto lake n'lakuti kutsanula kulikonse kumawonjezera kamkokomo ka tepi, ndipo zimene wasakaniza sungazilekanitsenso. Zili ngati mchere mu ndiwo: ukathira, wathira. Besi ikachepa pa kutsanula koyamba, yachepa mpaka kalekale. Choncho ankayenera kuiona nyimbo yathunthu m'maganizo isanamalizike, ndi kugamula pomwepo. Mukamva gitala angapo akulukana mu "Love or Confusion" kapena mu "May This Be Love", dziwani kuti wina anawerengera malo a aliyense ntchito isanayambe.

Mawu a gitala amenewa ankawatulutsa bwanji?

Hendrix anali wamanzere, koma ankatenga Fender Stratocaster ya anthu amanja, kuitembenuza, n'kumanganso nsambo kuti yaikulu ikhale pamwamba. Ankailumikiza ku maampulifaya a Marshall atawatsegula mpaka pothera, ndipo pakati pake pankakhala kabokosi kopondera kotchedwa Fuzz Face, kamene kamaphwanya mawu kuti asase. Phokoso likafika pamenepo gitala ndi sipika zimayamba kuitanizana, n'kutulutsa kulira kumene mainjiniya onse anaphunzitsidwa kukuthawa. Iye anakusandutsa chida. Ankadziwa poima ndi popendekera kuti kulirako kugwe pa liwu limene akufuna. Mvetserani chiyambi cha "Foxy Lady": chala chikunjenjemeretsa nsambo imodzi, liwu likukula pang'onopang'ono mpaka kuphulika.

Mainjiniya zinkawazunguza. Tsiku loyamba lenilenilo ku De Lane Lea Hendrix anakangana ndi Chandler pa za kutsitsa phokoso, mpaka kuopseza kuti abwerera kwawo. Chandler ankati anangotulutsa pasipoti ndi zikalata zolowera m'dziko za Hendrix n'kuziika patebulo, Hendrix n'kuseka, ntchito n'kupitirira. Ku CBS, injiniya Mike Ross anachita kuimika maikolofoni patali ndi masipika.

Munthu wina wosaiwalika ndi Roger Mayer, katswiri wa zamagetsi amene masana ankagwira ntchito ya kafukufuku wa mawu ku nthambi ya asilikali a pamadzi a Britain. Anapanga kabokosi kotchedwa Octavia, kamene kamawonjezera liwu lokwera pamwamba pa limene waimba, ndipo kamamveka pa gitala wa pakati ndi kumapeto kwa "Purple Haze", amene anawonjezeredwa ku Olympic mu Febuluwale 1967. Tepi ya nyimboyi itatumizidwa ku America, pa bokosi pake panalembedwa chenjezo lakuti kusasako n'kwadala, asakukonze.

Nanga mawu oyenda chobwerera aja?

Ali m'nyimbo yomaliza, imene inapatsa chimbale dzina, yojambulidwa pa 3 Epulo 1967. Njira yake ndi yamanja: umatembenuza tepi kuti iyambire kumapeto, woimba n'kuimba motsatira zimene akumva, kenako n'kuibwezera mmene inalili. Liwu la gitala mwachibadwa limayamba mwamphamvu n'kuzilala. Likatembenuzidwa limachokera kutali, kukula, n'kuduka mwadzidzidzi. The Beatles anali atachitapo kale mu 1966 pa Revolver, choncho Hendrix sanali woyamba. Chodabwitsa n'chakuti gitala wake wobwererayo ali ndi mutu ndi mchira, akukwera ndi kutsika pamalo oyenera, kusonyeza kuti ankatha kuilingalira nyimbo kuchokera kumapeto. Ng'oma zina zinatembenuzidwanso, ndipo limba logunda liwu limodzi ngati belu analiimba yekha.

Mu "Third Stone from the Sun" anasewera ndi liwiro. Mabingu olankhula amene mumawamva ndi Hendrix ndi Chandler akucheza ngati a m'chombo cha mlengalenga, tepi itachedwetsedwa. Onse awiri ankakonda mabuku a nkhani zopeka za sayansi, ndipo Chandler anali nawo ambiri kunyumba.

Tinene zoona: si mankhwala ozunguza bongo amene anapanga zonsezi?

Mankhwala a LSD anali ponseponse pakati pa oimba a London ndi California m'zaka zimenezo, ndipo Hendrix anawagwiritsapo ntchito m'moyo wake. Palibe chifukwa chobisira. Ambiri amamva "Purple Haze" ngati nyimbo ya mankhwala, ngakhale mwini wake ankati inachokera ku maloto amene analota akuyenda pansi pa nyanja, ndipo Chandler ankakana kuti inalembedwa ndi munthu woledzera.

Chimene chimandipweteka pa funsoli n'chakuti limamulanda munthu thukuta lake. Zikwi za achinyamata zinamwa mankhwala omwewo mu 1967 ndipo palibe chimene chinatuluka. Kujambula nyimbo yodekha ngati "The Wind Cries Mary" m'mphindi 20, zala zikuimba makodi ndi timawu tokongoletsa nthawi imodzi m'njira imene anaphunzira kwa Curtis Mayfield, kumafuna mutu wabwinobwino. Ndipo magwero a nyimbo zambiri ndi a pansi pompano. "The Wind Cries Mary" yomweyo anailemba atakangana ndi bwenzi lake Kathy Etchingham, amene dzina lake lachiwiri ndi Mary, pa nkhani ya kaphikidwe. "Fire" inabadwa usiku wozizira kunyumba ya mayi ake a Redding ku Folkestone, galu atatsekereza malo oothera moto. "I Don't Live Today" ankaipereka pa nsanja kwa Amwenye a ku America, eni nthaka a dzikolo.

N'zoona kuti sankawakonda mawu ake?

Inde. Ankachita manyazi kuimba anthu akumuyang'ana, moti ku Olympic ankamuikira zotchinga ndi kuchepetsa magetsi. Iye ankafuna mawu akwiriridwe pansi pa gitala, Chandler ankawakweza. Apanso Chandler ndiye analondola.

Kodi Mitchell ndi Redding anali ongoperekeza?

Mitchell ayi ndithu. Anakulira pa jazz, ankasirira woimba ng'oma Elvin Jones, ndipo m'malo mongogwira nthawi ankayankhana ndi gitala. "Manic Depression" imayenda mowerenga zitatuzitatu, chinthu chosowa mu rock, ndipo ng'oma zake zimagubuduzika osapuma kuyambira poyamba mpaka pothera. "Fire" ndi nyimbo yake pafupifupi yonse. M'gulu la anthu atatu mulibe pobisala, ndipo mipata imene limba kapena malipenga akanadzaza anaidzaza ndi iye.

Za Redding anthu amagawanika. Mizere yambiri ya besi ankachita kuuzidwa, ndipo zimenezi zinadzabala mkangano patsogolo mpaka anachoka mu 1969. Komabe pamene awiri akuuluka pamafunika wina woponda pansi, ndipo anaichita ntchitoyo mokhulupirika. Mu "Red House" sanagwire besi konse: anaimba nsambo zokhuthala za gitala wamba.

Bwanji chimbale changa chilibe "Purple Haze", pamene cha mnzanga chili nayo?

Pali mitundu iwiri. Ku Britain mwambo unali wakuti nyimbo imene yatuluka kale pa kambale kakang'ono isabwerezedwe pa chimbale chachikulu, kuti wogula asalipire kawiri. Choncho "Hey Joe", "Purple Haze" ya mu Malichi 1967 imene inafika pa nambala 3, ndi "The Wind Cries Mary" ya mu Meyi, zonse palibe. Ku America kampani ya Reprise inatulutsa chake pa 23 Ogasiti 1967, nilowetsa zitatuzo, n'kuchotsa "Can You See Me", "Remember" ndi "Red House". Hendrix anadandaula ndi kuchotsedwa kwa "Red House", ndipo m'pake: kwawo kwa blues ndi kumene anamuchotsera blues yake.

Zikuto nazonso n'zosiyana. Cha ku Britain, chojambulidwa ndi Bruce Fleming, n'chakuda, Hendrix atatambasula chovala pamwamba pa anzake, ndipo iye sanachikonde. Cha ku America, chachikasu, chili ndi chithunzi chozungulira chimene Karl Ferris anajambula ku Kew Gardens ndi diso la kamera lopinda zinthu.

Chinalandiridwa bwanji?

Ku Britain chinafika pa nambala 2, Sgt. Pepper atatsekereza pamwamba, ndipo chinakhala pa mndandanda masabata 33. Panalibe chidani pakati pawo. Pa 4 Juni 1967 ku Saville Theatre, chimbale cha The Beatles chitangotuluka kumene, Hendrix anatsegula dansi ndi nyimbo yoyamba ya pa chimbalecho, Paul McCartney ali m'gulu la oonera. McCartney yemweyo ndi amene analimbikitsa kuti aitanidwe ku chikondwerero cha Monterey ku California, kumene pa 18 Juni anaotcha gitala anthu akuona. America inamuzindikira usiku umenewo mwana wake amene inamulekerera. Chimbale chitatuluka kumeneko chinafika pa nambala 5 ndipo chinakhala pa mndandanda wa Billboard zaka ziwiri. Laibulale ya nyumba ya malamulo ya America inachiika m'kaundula wa zojambulidwa zoyenera kusungidwa, pa mndandanda wa 2005.

Kodi mawu amenewa anafika kuno kwathu?

Anafika, makamaka ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Copperbelt ndi Lusaka amene anakula akumvera Hendrix, The Rolling Stones ndi James Brown anapanga rock yawoyawo, imene lero imatchedwa Zamrock: WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz ndi chimbale chawo Africa cha 1975, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Ngozi Family. Paul Ngozi ankaimba gitala wosasa kwambiri, nthawi zina ndi mano monga Hendrix, ndipo nyimbo zina ankaziimba m'Chinyanja. Lamulo la Pulezidenti Kaunda lakuti wailesi iziimba kwambiri nyimbo za m'dzikomo linawapatsa msika. Nawonso ankajambula mothamanga ndi zida zoperewera, ndipo zimbale zawo zikusindikizidwanso kunja masiku ano.

Wofuna kuchimva koyamba ayambire pati?

Pezani mtundu wa nyimbo 17, umene wakhala ukutuluka kuyambira m'ma 1990 ndipo ndi umene umapezeka pa intaneti. Uli ndi zonse za ku Britain, zitatu za ku America, ndi zitatu za kuseri kwa timbale tating'ono: "Stone Free", "51st Anniversary" ndi "Highway Chile". Musamvere pa sipika ya foni, chifukwa besi ndi theka la ng'oma za Mitchell zimasowa. Yambani ndi "Red House" kuti mumve kumene munthuyu anachokera, kenako "Manic Depression" makutu ali pa ng'oma, ndipo "Third Stone from the Sun" muisiyire nthawi imene muli ndi mphindi zisanu ndi ziwiri zopanda wokusokonezani. Mukapeza mtundu wa mono, umene anthu a ku Britain anagula mu Meyi 1967, umveni nawonso: gitala, besi ndi ng'oma zimatulukira pamalo amodzi, ndipo "Foxy Lady" imagunda molimba kuposa pa stereo.